Amalume Anafungatira Mtengo ku Lusaka

Sabata ino ndinachita manyazi pagulu, ndipo amene anandichititsa ndi amalume anga a Zimba, mlimi wa chimanga wa ku Tembwe.

Tinachoka ku Chama kupita ku Lusaka ku ukwati wa mwana wawo. Ukwati utatha tinatsala ndi tsiku limodzi basi isananyamuke, ndiye ndinawatenga kukaona munda wina wakale wa mitengo ndi maluwa kunja pang'ono kwa mzinda. Pachipata anakana kulowa. Munthu wobadwira m'chigwa cha Luangwa, amene njovu zimamudyera chimanga chaka ndi chaka, alipire kuti aone tchire? Anandiuza kuti sukulu inandiwononga mutu.

Ndinawakoka mpaka tinalowa.

Owerenga anzanga, ine ndimaphunzitsa ana za zomera, koma zoterezi ndinali ndisanazione. Phokoso la magalimoto linatsala kumbuyo ngati wina watseka chitseko. Nsungwi zonenepa ngati ntchafu ya munthu zinakumana pamwamba pathu. Kamtsinje anakatchinga ndi miyala kuti madzi azitsika pang'onopang'ono kuchoka padziwe lina kupita pa lina, oyera moti nsomba umaziwerenga. Njira zake n'zokhotakhota mwadala, kuti usaone kumene ukupita, ndipo pokhota paliponse umapeza chatsopano: apa migwalangwa ya kutsidya la nyanja, apo maluwa omera pathunthu la mtengo wina. Mtengo uliwonse uli ndi kachitsulo kolembapo dzina lake ndi kwawo.

Kenako tinafika pa mtengo wa mbawa. Kutalika kwake chipewa cha amalume chinagwa poyang'ana nsonga. Iwo anangoyandikira, n'kutambasula manja, n'kuufungatira, tsaya lili pakhungwa. Anasuntha n'kuufungatiranso. Alendo ena anayamba kuwajambula, mayi wina mpaka anagwira pachifuwa poganiza kuti mkuluyu akupemphera.

Ine ndinkadziwa zimene ankachita. Ankayeza matabwa.

Kwathu mtengo timauona choncho. Uwu ndi bwato, uwu ndi mtondo wosinjira, uwu ndi makala, uwu ndi zitseko. Ndipo amalume anali ndi chifukwa. Kudimba kwawo, m'mbali mwa khwawa, kuli mbawa imene bambo awo anaisiya polima. Anthu ocheka matabwa anagwirizana nawo kuti Loweruka lino abwera ndi macheka, kuti iwo agule malata a nyumba mvula isanagwe.

Bambo wina wosamalira mundawo, waimvi ngati iwo, anaima ndi chotengera masamba. Amalume anamufunsa kuti mbawa anaifungatira ija yakhwima kale, nanga adzaicheka liti.

"Siidzachekedwa, atate," anayankha.

"Manje ntchito yake ni chani?"

"Ni iyi mwaona. Mwabwera kuchoka kutali kudzaimirira pansi pake."

Anatifotokozera kuti mundawo anauyamba mzungu wina nthawi ya atsamunda, pamalo amene panali udzu ndi miyala. Mbande zina ankaziitanitsa kumayiko akutali, zina anthu akuda amene ankamugwirira ntchito ankazizula m'tchire lathu lomweli n'kumazithirira ndi zitini. Panadutsa zaka zina mundawo unasiyidwa, njira zinamera thengo, maiwe anakwiririka, koma mitengo ikuluikulu inapirira mpaka anthu ena anabwera kudzakonzanso. Onse amene anakumba dzenje la mbawayo anamwalira isanapereke mthunzi wokwana banja limodzi.

Apa ndi pamene mantha aulemu anandigwira. Munthu kudzala chinthu akudziwa kuti sadzakhala pansi pake! Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma awa anadekha mpaka kumanda, maso a nkhonoyo n'kutisiyira ife.

Tsono ndifunse. Ku Chama kuno, ndani anadzalapo mbawa? Mango timadzala, chifukwa tidya tokha. Koma mitengo ikuluikulu ya ku Chifunda ndi ku Tembwe tinaipeza, ndipo chimene munthu wachipeza amachiyesa chosatha. Mumzinda anaimangira mpanda chifukwa anaona ikutha. Ife tili ndi munda woposa umenewo, wopanda chipata, ndipo tikuutulutsa pa malole.

Musandimve molakwa. Ine ndimagona m'nyumba ya sukulu yamalata, ndiye n'kosavuta kuti ndilalikire. Amalume denga lawo likudontha pamphasa, ndipo ocheka matabwa akati fodya wako ndi amene ali pamphuno, sakunama.

M'mundamo, amalume anakhala pabenchi pansi pa mbawa ija. Potuluka anapempha foni yanga n'kuimbira mkulu wa ocheka aja. Sanawakanize. Anangowauza kuti Loweruka asabwere, ayambe adikira mpaka amalumewo akolole. Atandibwezera foni anati, "Aphunzitsi, chaka chino nizafolera na udzu futi. Ukabwera kudzacheza, ubwere na ambulera."

Kodi mbawa ya kudimba kwawo idzafika chaka chamawa? Sindikudziwa, ndipo iwonso sakudziwa. Munthu wa zaka zawo adzanyowa dzinja lonse kuti mtengo umodzi uime, pamene ife tonse tidzapuma mumthunzi wake ulele. Nanga ife a m'nyumba zamalata, amene timakonda kunena kuti mitengo isadulidwe, ndani mwa ife awagulire lata ngakhale limodzi?