Khomo Limene Linachotsetsa Ntchito Sondes

Sondes anachotsedwa ntchito anthu khumi ndi awiri akuonerera.

Mtsikanayu anali atalephera mayeso a kuyunivesite kawiri, ndipo kampani ina yopanga mapulogalamu ku Sfax inangomutenga momuyesa. Tsiku loonetsa makasitomala ntchito yake, pulogalamu inakana kuyaka. Pakompyuta panangolembedwa kuti pakhomo 8080 pali kale wina.

"Si ndinanena ine?" anakalipa bwana Moncef. "Wolephera ndi wolephera basi. Pita ukathandize amayi ako kugulitsa buledi!"

Anthu anaseka. Sondes sanalire. Anatuluka mano ali gwa, mtima ukuwira.

Chinamuwawa kwambiri n'choti sankadziwa chomwe chamugwetsa. Anakhalira laputopu yake yong'aluka mpaka anamvetsa: pulogalamu imalankhula ndi netiweki kudzera pa khomo lokhala ndi nambala, ndipo ina ikakakamira pakhomopo, inzake singalowe. Ndiye kuti ntchito yake inalibe vuto! Wina anangosiya pulogalamu yake ikuyenda. Mkwiyo unachita kuwirikiza.

Miyezi isanu ndi itatu, m'mawa kukanda ufa, masana kuphunzira. Makalata ofunsira ntchito ankangopita osayankhidwa.

Kenako chipatala china chaching'ono chinamulemba kuti azilandira odwala. Lolemba lina pulogalamu yotulutsa zotsatira za magazi inakana kuyaka. Odwala impso anadzaza m'khonde, ndipo dokotala sakanayamba kuwathandiza popanda zotsatirazo. Katswiri wa makompyuta anati abwera mawa.

"Mawa?" Sondes anadzambatuka. "Bambo awa miyendo yatupa chonchi, adikire mawa? Ndipatseni mpando wa pakompyutawo!"

"Iwe wolemba mayina?" anafunsa mayi Hedia, oyang'anira chipatala.

"Ndikalephera mundichotse, mayi. Ndinazolowera."

Pakompyuta panali uthenga womwe uja woti pakhomo pali kale wina. Anafufuza amene wagwira khomolo. Inali pulogalamu yomweyo, imene inayatsidwa Lachisanu n'kuuma osatsekeka. Anayamba watsimikiza kuti sikusunga za wodwala aliyense, n'kuilamula kuti itseke. Inakana. Anaizimitsa mokakamiza, nayatsa yatsopano. Makina osindikizira anayamba kulavula mapepala, anamwino n'kumathamanga nawo.

Mayi Hedia anangogwira pakamwa. "Mwana iwe, unali kuti nthawi yonseyi?"

"Pakhomo panu pomwepa, mayi, ndikulemba mayina."

Lero Sondes amayang'anira makompyuta a zipatala zitatu.

Inu amene mwanyozedwa, kwiyani ndithu, palibe angakuletseni. Koma mkwiyowo musaugonere, upatseni ntchito. Mtima wokha musautaye.