Tsiku Limene Nyanja Inatseka Njira

Ku France tinapitako m'chaka chathu chachiwiri ku Perth kuno, mwana ali ndi miyezi khumi. Bambo ake ankaphunzira za miyala pa yunivesite ku Bentley, ndipo anawaitana ku msonkhano wa masiku anayi m'katauni ka m'mbali mwa nyanja yamchere. Sukulu inalipira tikiti yawo ndi kachipinda. Yanga inachokera ku ganyu yawo yosesa m'mafakitale ku Malaga, ku Perth konkuno. Anati sangandisiye ndekha m'nyumba yokhala ndi anthu ena, ine Chingerezi changa cha Sitandade 7, mwana akumera mano.

Kachipindako kanali pamwamba penipeni, masitepe makumi anayi ndi awiri, ndinawerenga. Tinali titanyamula ufa wa phala la mwana, masamba a tiyi ndi nsomba zam'chitini. M'mawa uliwonse bambo ake ankagula buledi wautali ngati mpini wa khasu. Kumalesitanti tinkangoima pakhomo, kuona mitengo, n'kudutsa.

"Zaulere zilipo zambiri," anatero m'mawa wa tsiku lachiwiri, akumanga tayi. "Mchenga ndi waulere. Musamangokhala muno ngati nkhuku yofungatira, amake mwana."

"Nanga ndikasochera?"

"Nyanja ili uko, tchalitchi chili uku. Mungasochere pati? Lero ndi tsiku langa lolankhula, foni ndizimitsa."

Yanga nayo inkagwira m'chipinda mokha. Ndinabereka mwana, n'kutenga theka la buledi, botolo la madzi ndi matewera awiri.

Nyanja ndinaipeza ili kutali. Mchenga wokhawokha, wonyowa, mabwato atagona chammbali m'matope ngati ng'ombe zodwala. Ndinati kaya chilala chafika ndi kuno komwe. Kwathu mtsinje ukaphwa umaphwa miyezi, umadikira mvula. Ku Perth nako nyanja umaipeza pafupifupi pamene unaisiya dzulo. Zina sindinkazidziwa.

Patsogolo panali kachilumba, kaphiri ka miyala ndi udzu, ndipo njira yowaka ndi miyala inkafika komweko. Anthu ankapita ndi kubwera, ena ndi ndowa, ena ndi agalu. Poyambira njirayo panali chikwangwani cha manambala ngati cha pasiteji ya basi. Ndinati ndi nthawi za boti. Palibe ankalipiritsa, ndiye ndinalowa.

Kuchilumbako mphepo inali yambiri. Ndinazungulira kuseri, n'kukhala pansi pa thanthwe, ndinayamwitsa, mwana anagona. Ndinamva belu ndi mwamuna wina akukuwa. Ndinati ndi wogulitsa. Maso anga anali pa mbalame zoyera zimene zinkazungulira buledi wanga, imodzi inkayang'ana chala cha mwana.

Nditabwerera kutsogolo anthu kunalibe. Mchenga kunalibe. Mabwato aja anali ataimirira, akuyandama. Njira inkaoneka poyambira ndi pothera pokha, pakati ponse pali madzi. Tauni inali pomwepo, mtunda wake ngati wa kunyumba kwathu ndi kumjigo, tchalitchi ndikuchiona, anthu akudya ayisikilimu pampanda ndikuwaona.

Kuwoloka ndimakudziwa. Ndakulira kuwoloka mtsinje popita kuchigayo nthawi ya dzinja: umavula nsapato, umakweza mwana mpaka m'khosi, umamanga nsalu kawiri, ndipo suchedwa, chifukwa madzi akayamba kukwera sadikira munthu. Ndinachita zonsezo. Ndinaponda. Kuzizira kwake kunafika mpaka m'mano. Madzi a m'kakolo, kenako a m'katumba, ndipo sankapita kutsogolo kapena kumbuyo, ankakoka chammbali.

Wina anagwira nsalu kumbuyo kwanga, pansi pa matako a mwana, n'kukoka.

Anali mayi wachizungu, wachikulire, wamfupi, atavala nsapato zamphira zofika m'mawondo, ndudu ili pakamwa. Sindinamuone kumene anachokera.

"Ndisiyeni, mayi!" ndinatero m'Chichewa. "Ndisiyeni, ndili ndi mwana!"

Sanasiye. Ankalankhula mawu amodzi okhaokha, mobwereza, ndipo mawuwo sankafuna womasulira. Anandikokera pouma ngati mbuzi. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Mayiyo anatola kathabwa, n'kukaponya pakati pa njira pamene ndinkapita. Kathabwako sikanazungulire n'komwe. Kanathamanga chammbali, kenako sindinakaonenso.

Anandionetsa wotchi yake, n'kuloza pa faifi. Analoza nyanja, n'kukankha mpweya ndi manja awiri ngati akuingitsa nkhuku. Atatero anabwerera pathanthwe pamene panali mbedza yake, ndowa ndi fulasiki. Iye anatsalira dala, kudzawedza.

Sindinamukhulupirire. Madzi odzaza chonchi angaphwe lero lomwe? Ndinakwera pamwamba, ndinaona kuti udzu wa kumeneko ndi wouma, ulibe zinyalala za m'madzi, ndiye ndinati apa mwina safikapo. Ndinatsikanso n'kuika mwala pamene madzi analekeza. Anaumeza. Ndinaika wina chakumtunda. Anaumezanso. Mwana ndinamumasula kamodzi kokha, posintha thewera, ndipo mwendo wake sindinausiye.

Mayi uja anabwera ndi tiyi m'chivindikiro cha fulasiki, wopanda shuga, ndi apozi wodula pakati. Anayang'ana mapazi a mwana, n'kupukusa mutu, n'kutsonya ngati mmene amatsonyera apongozi. Anavula sikafu yake n'kumukulunga nayo. Iye ankawedza, ine ndinkayang'ana mwala wanga wachitatu.

Wachitatuwo madzi anangounyambita. Patapita nthawi unauma. Kenako wachiwiri unatuluka, kenako woyamba. Ndinakhala chete, chifukwa ndinkaopa kuti ndikalankhula madziwo abwerera.

Cha m'ma faifi njira inaonekera yonse, yoterera, ndi ndere zobiriwira. Mayiyo anatsogola ndi ndowa yake ya nsomba zitatu. Ine pambuyo, kuponda pamene wapondapo. Titafika kutsidya anatenga sikafu yake, n'kugwira tsaya la mwana, n'kumapita. Dzina sindinamufunse, ndikanafunsa m'chilankhulo chanji.

Bambo ake anali pafupi ndi chikwangwani chija, tayi ili m'thumba, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

"Ndazungulira tauni yonse. Simunaone ichi?"

"Ndinaona. Ndimayesa ndi za boti."

"Ndi za madzi! Amapita n'kubwera kawiri pa tsiku. Mwezi ndi umene umawakoka."

"Inu mumadziwa?"

"Aliyense amadziwa, amake mwana."

"Ine munandiuza za tchalitchi."

Anamasula mwana kumsana kwanga, n'kumuyang'ana zala, makutu, m'kamwa. Mwanayo anawakoka magalasi. Madzulo amenewo analowa m'lesitanti koyamba n'kugula mbale imodzi ya tchipisi, tinadyera pamasitepe a tchalitchi. Za kulankhula kwawo kumsonkhano ndinawafunsa mawa lake. Anati kunayenda bwino.

Masiku awiri otsalawo ndinkapitabe kunyanja, koma ndinkakhala pampanda, kuona madzi akuchoka ndi kubwera. Manambala aja ndinawakopera kuseri kwa lisiti ya buledi, ndipo tsiku lomaliza ndinadziwa ndekha nthawi imene belu lilire.

Pano tikukhala ku Girrawheen. Mwana ali ndi zaka zinayi, ndikamuitana m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, ndipo akaona nyanja amathamanga osacheuka. Loweruka likatentha timapita. Ndisanayale nsalu ndimatola mwala n'kuuika pamene madzi alekeza. Bambo ake amati nyanja ya kuno siyenda kwenikweni, ndipo n'zoona, ndaona. Koma akaupeza mwalawo saudumpha mwachisawawa, amaulambalala.