Liwu Lililonse ndi Mwini Wake

Inu amene mayeso anakugwetsani ndipo mukuti basi zatha, khalani pansi mumve za mayi wina wosita zovala. Nkhaniyi si yokoma, koma ili ndi ntchito.

Kuntchito ankamutcha Nasimbi, chifukwa simbi sinkachoka m'manja mwake. Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, anali ataima pakhoma la ofesi ina yaikulu, pamene anamata mayina a anthu amene akhoza mayeso olowera ntchito ya ukalaliki. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anabwereza kuchokera pansi kupita pamwamba, ngati kuti dzina lingabisale kuseri kwa linzake. Lake panalibe. Aka kanali kachiwiri.

Atafika kunyumba anapeza apongozi ake atakhala pampando wabwino wa pabalaza, achimwene ake ali pambali, mlamu wake ataima pakhomo la kukhitchini manja ali m'chiuno. Nyumbayo inali ya achimwene. Nasimbi ndi mwana wake wamkazi ankagona m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa njinga yakufa ndi makatoni. Bambo a mwanayo anapita kalekale kukafuna ntchito kutali, ndipo ntchito imene anaipeza kumeneko inali mkazi wina.

"Zayenda bwanji, aphunzitsi?" anafunsa mlamu.

Nkhope ya Nasimbi inayankha yokha.

Apongozi anakonza kukhosi. "Ine sindinabwere kudzakangana ndi munthu. Mwana uja ndi magazi athu, ndiye akugona pamakatoni ngati mphaka. Mundipatse ndikamulere, amake azilimbana ndi Chingerezi chawocho."

"Mwana ali ndi amake," anatero Nasimbi.

"Amakewo ali ndi chiyani?"

Funsolo linamulasa Nasimbi. Achimwene anayang'ana nsapato zawo kwa kanthawi, kenako anati, "Mlongo wanga, nyumba ino yachepa, ndipo alamu akowa ndi oyembekezera. Mayeso akubwerawa akhale omaliza. Ukalepheranso, mwana apite kwa agogo ake."

Mwanayo anali pansi pa tebulo akuveka chidole chake nsanza, ndipo anamva zonse.

Nasimbi sanali mbuli. Sukulu anaisiyira m'kalasi lomaliza la sekondale, mimba itaonekera, yunifomu itakana kutseka. Satifiketi anadzaipeza pambuyo pake, yongopulumukira. Masamu ankawatha. Chimene chinkamugwetsa chinali gawo la mawu a Chingerezi. Amakupatsa liwu limodzi lalitali ngati njanji, pansi pake mawu anayi, n'kukuuza kuti usankhe lofanana nalo tanthauzo kapena lotsutsana nalo. Olemba amakhala chinamtindi, malo ndi ochepa. Ukangophonya pang'ono, wina wakudutsa.

Cholakwa chake chinali cha munthu wakhama wopanda womulangiza. Anagula dikishonale yakale yopanda chikuto kwa wogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kuloweza kuchokera tsamba loyamba, monga mmene munthu amasesera nyumba kuyambira pakona. Chaka choyamba mayeso anamupeza akadali pa chilembo chachiwiri. Chaka chinacho anasunthako pang'ono, koma za koyambirira zija zinali zitauluka kale. Ankatungira madzi m'dengu.

Malo ake a ntchito anali kuseri kwa sitolo yochapa zovala: chipinda chopanda zenera, matebulo okutidwa ndi mabulangete opserera, nthunzi yoti pofika masana bulauzi imamatirira kumsana. Woyang'anira anali bambo wina wa mimba yaikulu amene ankalankhula ndi antchito maso ali pafoni. Onse ankangoti Akapitawo.

M'mawa wina Akapitawo anapeza dikishonale ija pashelefu ya sopo. Anainyamula ndi zala ziwiri ngati thewera lonyowa.

"Kodi muno tatsegula yunivesite? Iwe, Chingerezi chako ndi kolala ya shati, ikhale yowongoka. Zinazi asiyire ana amene anamvera makolo awo."

Anaiponya m'basiketi ya zovala zakuda. Anzake a Nasimbi anaseka, poti bwana akaseka nawenso umaonetsa mano.

Nasimbi anakaitola nthawi yopuma. Inatseguka penapake pakati, kutali ndi masamba ake aja, ndipo diso lake linagwera pa liwu lina lotanthauza munthu wodzikuza, woyang'ana anzake ngati zinyalala. Analiwerenga kamodzi kokha. Atadzutsa mutu anaona Akapitawo ali pakhomo akutokosa m'mano. Chamumtima anati, ili ndi lanu, bwana.

M'mawa mwake liwu lija linali likadalipo. Sabata itatha linalipobe. Akapitawo akangolowa, liwu linkalowa nawo limodzi. Apa m'pamene Nasimbi anazindikira kuti mutu wake umataya mawu, koma sutaya munthu amene anamulakwira.

Anasiya kusesa dikishonale. Anafunafuna mapepala a mafunso a zaka zam'mbuyo, n'kumatenga mawu a mmenemo okha, ndipo liwu lililonse ankalipatsa mwini wake. Mawu a umbombo ndi kuumira, omwe m'Chingerezi alipo ambiri ngati nyerere, onse anapita kwa apongozi, amene chibadwire cha mdzukulu wawo anali asanamugulirepo ngakhale sokosi. Mawu a chinyengo, malonjezo onama ndi kuthawa udindo anapita kwa bambo a mwana, ndipo anawakwana ngati suti yowayeza telala. A miseche ndi lilime lakuthwa anatenga mlamu. A mantha ndi kugwedezeka ngati bango anatenga achimwene.

Liwu ankaliyika m'chiganizo, chiganizocho n'kuchisita. Simbi ikamapita, liwu. Ikamabwerera, tanthauzo. Ikaima pakolala, mwini wake. Shati imodzi, liwu limodzi, ndipo mashati m'chipinda chimenecho sankatha.

Patebulo loyandikana nalo pankagwira mayi wina wachikulire amene onse ankamutcha Azakhali. Tsiku lina anamufunsa, "Iwe, ukung'ung'udza chiyani tsiku lonse? Ukupemphera?"

"Ndikutukwana, Azakhali. Koma m'Chingerezi."

"Ndiye unditukwanireko Akapitawo. Ine changa chinathera pa moni."

Patapita miyezi, tsiku lina lopuma, anakhala pakatoni n'kudziyesa yekha ndi pepala lakale lathunthu. Gawo la mawu ofanana analidutsa ngati simbi yotentha pansalu yonyowa. Atafika pa gawo la mawu otsutsana, anaima. Liwu la apongozi ankalidziwa bwino, koma lotsutsana nalo, la munthu wopatsa, sanalizindikire pakati pa anayiwo. La bambo a mwana ankalidziwa, koma la munthu wokhulupirika ayi. Atayang'ana mayankho kumapeto kwa pepala, anapeza kuti theka lonse wagwa nalo. Mawu abwino onse ankangowalumpha, chifukwa analibe woti awapatse.

Anakhala pakatonipo nthawi yaitali. Izi zinamuwawa kuposa kulephera kuja: munthu kufika msinkhu umenewu, ndi mwana kumanja, koma ukafuna munthu mmodzi yekha woti umupachike liwu la chifundo, m'mutu mungoti zii.

Koma mayeso safunsa ngati dziko linakukomera mtima. Nasimbi anayamba kusaka eni a mawu abwino monga mmene umasakira batani logwera pansi pa tebulo: chogwada, uku ukudandaula.

Liwu la kupatsa linapita kwa Azakhali, amene ankakokera mathalauza ena patebulo lawo mwakachetechete kuti iye apeze mpata wosuzumira papepala. La kuleza mtima linapita kwa mwana, amene ankadikira amake pakhomo madzulo alionse osalira. La khama anayang'ana uku ndi uku, osapeza munthu, kenako analivala yekha mwamanyazi, ngati wavala diresi ya kasitomala.

Lovuta linali lotanthauza munthu wodalirika, amene sajomba pa udindo wake. Linakhala lopanda mwini kwa nthawi ndithu. Tsiku lina pobwera kuntchito anapeza mlamu, mimba ili patsogolo, atawerama pabeseni akumutsuka mapazi mwana uja, pakamwa pakutuluka zamwano monga mwa masiku onse.

"Amako akuti adzakhala abwana. Tiona. Tukula mwendo iwe, litsiro ngati ukulima."

Nasimbi anaima pakhomo. Mayi ameneyu anali asanamulankhulepo liwu lokoma chikwatiwire m'nyumbamo. Komabe panalibe tsiku limene mwanayo anagona ndi njala kapena ndi litsiro amake ali kuntchito. Anameza malovu ngati akumeza mankhwala owawa, liwu lija n'kulipereka kwa mlamu. Sanamuuze. Mpaka lero sanamuuzebe.

Tsiku la mayeso holo inadzaza. Munali achinyamata ongotuluka kumene sukulu, onunkhira perefyumu, ena akuyankhulana Chingerezi chotulukira m'mphuno. Nasimbi anabisa pansi pa desiki manja ake a zipsera za simbi, mpaka woyang'anira mayeso atanena kuti tsegulani.

Atatsegula pepala, anapeza anthu ake onse ali mmenemo. Apongozi anali pa funso loyambirira. Akapitawo anatulukira, n'kudzatulukiranso kutsogolo. Bambo a mwana, amene anali asanaonekerepo pa chilichonse chokhudza mwana wawo, tsiku limenelo anabwera mokwanira. Pa gawo la mawu otsutsana Azakhali anamugwira dzanja, mlamu n'kumuwolotsa pa funso limene achinyamata a perefyumu aja ankalumirapo mapensulo.

Panali funso limodzi limene anakhalapo mpaka nthawi kutha. Linkafuna liwu lotsutsana ndi kusunga chakukhosi. La kusunga chakukhosi ankalidziwa bwino, mwini wake anali iye yemwe. Lotsutsana nalo, la munthu wokhululuka, linalibe mwini, ndipo anali atalisiya dala. Anangolotera. Atatuluka anayang'ana m'dikishonale n'kupeza kuti waphonya. Sanadandaule.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake linali cha kumunsi kwenikweni kwa pepala, pamene guluu anayamba kumatuka. Koma linali mkati. Wa pamwamba ndi wa pansi onse amalowera khomo limodzi.

Nkhani yabwino ili ndi miyendo. Sabata yomweyo apongozi anatulukira, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Ife timagona tikukupempherera, mwana wanga," anatero.

"Ine ndinkadziwa," anawonjezera achimwene. "Kukufinya kuja n'kumene kunakulimbitsa."

Mlamu kukhitchini anagwetsa chivundikiro cha poto, dala kapena ayi, sitidziwa.

Apongozi anasendera kutsogolo. "Tsono poti uzikhala ku ofesi tsiku lonse, mwanayu azikhala ndi ndani? Si bwino ndingomutenga ndithu, iwe uzigwira ntchito mtima uli m'malo?"

Mwanayo anali atagwira siketi ya amake ndi manja onse awiri.

"Amayi," anatero Nasimbi, mawu ali pansipansi, "mwanayu sapita kulikonse. Ndapeza chipinda changa. Mukamufuna mudzagogode, ndidzakupatsani mpando, mudzamuone, dzuwa likamapendeka mudzanyamuke."

Achimwene anayang'ananso nsapato zawo.

Musaganize kuti analowa m'paradaiso. Ntchito yake ndi yosanja mafayilo m'chipinda chakumbuyo, ndipo kumeneko nakonso kuli akapitawo ake, ovala mataye, oyenera mawu atsopano. Chipinda chimene amakhala ndi chalendi, denga limadontha pakona. Bambo a mwana sanapepese, apongozi sanagule sokosi. Koma makiyi a chitseko ali m'chikwama chake, ndipo mwana amagona pabedi, mwendo utasanjikidwa pamimba pa amake.

Tsono inu amene mukukonzekera mayeso oterewa, mwana ali kumsana, mabuku obwereka, tengani izi. Dikishonale si nyumba yoti muisese kuyambira pakona. Pezani mafunso akale, mutenge mawu amene amafunsidwadi. Liwu lililonse mulipatse munthu amene mumamudziwa nkhope ndi mayendedwe, mulinene m'chiganizo, mulibwereze manja akugwira ntchito. Amene anakulakwirani alipo ambiri, asangokhala m'mutu mwanu mwaulere, agwireni ntchito. Ndipo mawu abwino musawalumphe, ngakhale mutavutika kupeza eni ake, chifukwa theka la malikisi lili kumeneko.

Palibe amene adzabwere kudzakupepesani mayeso asanafike. Pukutani misozi ndi kumbuyo kwa dzanja, mukalembetsenso. Mtima wokhawo musautaye, poti mukautaya pali anthu amene akudikira kale kuti atole zanu zonse.