Eriyo ya Yohane inalira pa thireyi ya mandasi

Lachisanu lapitali linandipeza padenga la nyumba yathu ku Al Muntazah, kuno kudziko lachipululu kumene tinabwera kudzagwira ntchito, dzuwa likuswa mtengo, nditakweza mpini wa mopu m'mwamba ngati wonyamula mbendera. Musaseke. Ntchito ya munthu inali pampini umenewo.

Munthuyo ndi Yohane, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Amayendetsa galimoto yonyamula alendo okaona chipululu. Magalimoto awo amayenda mondondozana, madalaivala n'kumalankhulana pa wailesi zija timati ova-ova. Kawiri konse Yohane anatsalira kuseri kwa phiri la mchenga, alendo ali m'galimoto, anzake akuitana iye osamva. Bwana wake sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti zikachitikanso abweze makiyi.

Ndiye anapempha kubwera nayo kunyumba wailesi ya kampaniyo, pamodzi ndi batire, kuti aone chavuta. Anabwerekanso maeriyo awiri kwa anzake, kafupi ngati chikwapu cha mbuzi ndi ina yaitali kuposa chitseko. Yachitatu inali yake yomwe, yautali wa mkono, ya maginito kunsi. Lameki, dalaivala mnzake, anakhala m'galimoto yake ku Bin Mahmoud, dera lina la mzinda womwewu, kudikira kuti atiyankhe.

Ife Amalawi nkhani ya eriyo timadziona ngati tinabadwa nayo. Ndani sanamangirirepo waya kunsungwi kuti amve mpira? Lamulo lathu ndi limodzi: kweza. Yohane anatsatira lamulo lomwelo pagalimoto yake. Anaizula eriyo padenga n'kuimangirira ndi mphira kundodo kuti ione patali. Nafenso padenga paja tinachita chimodzimodzi, ndodo yake n'kukhala mopu.

"Kwezani pang'ono, achimwene. Lameki, Lameki, ukundimva? Ova."

Wailesi inangoti shiii. Tinayesa yaifupi, shiii. Yaitali, shiii. Tinalumikiza hang'ala ya waya yopachikira zovala kunsonga, nayonso shiii. Yohane thukuta linali kamukamu, ndipo sikuti lonse linali la dzuwa.

Kenako anatulukira Mayi Nachisale, mlamu wake wa Yohane, amene amatsuka mbale kuhotela ina. Lachisanu akapuma amatibweretsera mandasi pa thireyi yaikulu yachitsulo. Anaima, anatiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Alamu, tsitsani chinthucho. Mutentha wailesi ya eni."

"Inu alamu, izi si za kukhitchini," anatero Yohane. "Khalani pamthunzi, please. Five minutes basi."

Ndinaseka nawo. Ndikuvomera pamaso panu, ndinaseka, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Mayiwo sanakangane nafe. Anatisiya mpaka mikono yanga italema. Kenako anakhuthulira mandasi m'jumbo, anandilanda mopu, anamasula mphira uja, anataya hang'ala, n'kukhazika eriyo ya maginito pakati pa thireyi. Inamata kuti kha.

"Itananitu."

Yohane asanamalize dzina, mawu a Lameki anaphulika ngati waima pambali pathu: "Yalla, fulumira Yohane, ndakhala ndikuitana since ten o'clock. Unali kuti?"

Abale anga, ndinalumpha. Ine munthu wamkulu, mlonda wa pageti ku Msheireb amene ndimalipidwa chifukwa choima duu, ndinavina padenga la eni. Yohane anagwira thireyi ija ndi manja awiri ngati wina aithawitsa.

Mayi Nachisale anatikhazika pansi. "Eriyo ya maginito ndi theka chabe," anatero. "Theka linalo ndi chitsulo chimene yakhalapo. Pagalimoto ndi denga lija. Mukaikweza pandodo mwaidula pakati. Wailesi yomvera nyimbo imalola waya aliyense, koma yolankhulira ayi. Utali wake anachita kuyeza, osaonjezera."

Basi mpikisano unayamba, iwo ali woimbira wezulo. Lameki anayamba kuyendetsa galimoto motalikira, ife tikusintha maeriyo pathireyi. Kafupi kaja kanagonja msanga, mawu n'kumadukaduka. Yaitali inafika patali kuposa zonse, koma mayiwo anaikana. Anati imafuna kuimanga ndi mabawuti, ndipo pamchenga wodumphadumpha idzangokwapula galimoto. Yopambana inali ya Yohane yomwe ija, imene wakhala akuitukwana mwezi wathunthu. "Ibwezereni pakati pa denga, alamu, pachitsulo penipeni. Khalas, nkhani yatha."

Ndinafunsa kumene anaziphunzira. Kumudzi anagwira zaka zambiri m'chipinda cha wailesi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kulankhulana ndi mathirakitala, alonda ndi ambulansi. Eriyo ikagwa ndi mphepo ankakwera okha pamakwerero.

Apa ndi pamene pandigwira mtima sabata yonseyi. Kunoku timaitanana ndi yunifomu. Uyu ndi wokolopa, uyo ndi mlonda, awo ndi otsuka mbale. Mabwana akatiwona choncho timadandaula, koma ifenso tokhatokha timaonana chimodzimodzi. M'zipinda zathu zodzazanazi muli aphunzitsi, amakanika, azamba ndi akalipentala, tonse tikupikisana pa bafa imodzi. Vuto likagwa timathamangira pafoni kukafunsa mlendo amene sitidzamuona, wodziwa ali pabedi la pamwamba. Akakhala mayi ndiye timamuonetsa pamthunzi.

Loweruka Yohane anapita kuchipululu eriyo ili pakati pa denga. Anabwera madzulo akuponya makiyi m'mwamba n'kumawakha. Akuti ndiye amene anamva koyamba galimoto ina itatitimira mumchenga kumbuyo, n'kuimitsa gulu lonse. Ntchito ilipo.

Koma mawu amene akundilirabe m'khutu si a pawailesi. Tikutsika padenga tsiku lija, ndinawanyamulira thireyi Mayi Nachisale, n'kuti, "Mayi, zaka zitatu tikudya mandasi anu, bwanji simunatiuze kuti mumadziwa zonsezi?"

Anapukuta thireyi yawo ndi nsonga ya chitenje, osandiyang'ana n'komwe.

"Munandifunsapo?"

Nanga inu, amene mumagawana naye ketulo m'mawa uliwonse, munamufunsapo kuti kwawo anali ndani?