Thobwa limene linatidikira

Chaka chimene amuna anga anagwidwa utengatenga pa nkhondo ya Jeremani, mudzi wathu wa kufupi ndi Mkaika unali utang'ambika pakati ngati nsalu yakutha. Kumtunda tinali ife a kalasi, ophunzira za ubatizo ku mpingo wa Adachi. Kumunsi kunali a Gule. Ngakhale zitsime tinagawana. Ife tinkawatcha akunja, iwo ankatitcha ana a mzungu, chonsecho tonsefe mbumba imodzi!

Mvula itagwa, udzu unandipitirira m'munda. Mwana wina kumsana, wina akukoka nsalu, ndikanathana nawo bwanji? Chimanga chinayamba chikasu. Ndinaitana dima, kuti anthu adzandipalirire ine n'kuwaphikira chakumwa. Mowa unali woletsedwa kwa ife, ndiye ndinaphika thobwa. A kumtunda anabwera amayi ochepa okha, poti amuna athu ambiri anali kunkhondo kapena kuntchito ku Halale.

Dzuwa litakwera ndinamva nyimbo kuchokera kudambo. Kucheuka, ndi atsibweni anga, alongo awo a mayi, akutsogolera a kumunsi, makasu paphewa. Ine sindinawaitane ayi. Ndinali nditasiya ngakhale kuwapatsa moni.

"Iwe mwana," anatero atsibweni, "njala ilibe mpingo. Tiloze poyambira."

Atalawa thobwa anakwinya nkhope. "Ha! Ichi n'chakumwa cha makanda. Kodi masese anamulakwira chiyani Mulungu wanuyu?" Tinaseka tonse, ngakhale amayi a kalasi aja. Dzuwa lisanapendeke munda unali mbee.

Koma dima silithera pamunda umodzi. Wakupalirira, nawe umakamupalirira, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndipo dima lotsatira linali la atsibweni, la mowa.

La Mulungu, mkulu wa mpingo anaimirira. "Lero mwapalira nawo, mawa mudzavina nawo. Wopita ku dima la mowa achotsedwa m'kalasi."

Ine ndinali nditapirira kalasi zaka. Amuna anga anali obatizidwa kale, ndipo ndinkafunitsitsa kuti akadzabwera, ngati adzabwere, adzandipeze ndili wa mpingo ngati iwo. Tsiku la dima ndinamanga mutu ndi kansanza, ati ukundiwawa. Nyimbo zawo zinkalowa mpaka m'nyumba. Wa kumtunda sanatsike ndi mmodzi yemwe.

Patapita masiku ndinakumana ndi akazi a atsibweni panjira ya kunkhuni. Ndinafuna kupatukira patchire, koma anali atandiona kale.

"Mutu uja wapola?" anandifunsa.

"Wapola ndithu."

"Chabwino. Tinakuphikirani thobwa lanu padera, mumtsuko watsopano woti sunalawepo mowa. Atsibweni anu analetsa aliyense kuligwira, ati a kumtunda ali m'njira. Anakusiyiraninso mizere yanu chakumapeto, kuti musapalire moyandikana ndi oledzera. Thobwalo lakudikirani mpaka lasasa."

Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Iwo anangosenza nkhuni zawo n'kumapita. Manyazi amene ndinagwidwa nawo, amayi ine! Ndinaima panjirapo ngati chitsa.

Anthu amandifunsa masiku ano ngati kugwirizana ndi a mbali ina kuli ndi phindu. Phindu ndinaliona ine, nkhokwe yanga inadzaza, ana anga sanagone ndi njala. Ndiponso ndinabatizidwa chaka chomwecho. Pa tsikulo mkulu wa mpingo uja anamwa thobwa la chimanga chomwechija, napukuta pakamwa, n'kuyamika kuti Mulungu anadalitsa munda wa mkazi wokhulupirika. Ndinangoyang'ana pansi.

Njira ya kutchalitchi inkadutsa m'mbali mwa munda wa atsibweni. Mizere yathu ija sanaipalire konse. Mpaka nthawi yokolola inali pomwepo, udzu wofika m'chiuno, ndipo ife a kalasi tinkadutsapo La Mulungu lililonse titavala zoyera.