Masekondi Asanu pa Nkhope ya Faness

Mabanja ambiri akale a ku Ngabu ali ndi chithunzi pakhoma chojambulidwa ndi a Lazaro Amosi. Situdiyo yawo inali kuseri kwa msika, kufupi ndi pomwe amagulira thonje. Lero m'chipinda chakutsogolo muli mayi wotchaja mafoni, koma chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi a Lazaro anakana kuchipereka, ngakhale pamapita miyezi osachitsegula.

Luso lawo linali pa kuyeza. Ojambula anzawo ankangoponya pepala m'mankhwala n'kudalira mwayi, iwo ayi. Anali ndi kamakina kakale koyezera kuwala kodutsa pa negativi, komanso kakhadi ka magawo khumi, kuyambira poyera mbee mpaka pakuda bii, koyerekezera chithunzi chikauma. Negativi ikakhala yofooka ankasankha pepala lolimba, ikakhala yaukali ankatenga lofewa. Mabotolo a mankhwala ankawaviika mumtsuko, chifukwa kutentha kwa m'chigwa muno kumawononga chithunzi. Manambala onse ankawalemba ndi pensulo pa envulopu ya negativiyo.

Mkazi wawo, Faness, atatha zaka ziwiri ali m'manda, mwana wawo Dorika, yemwe amaphunzitsa ku Makhuwira, anabwera kudzakonza za chiliza. Anatsitsa pakhoma chithunzi cha mayi ake n'kuchipukuta ndi chitenje.

"Baba, chithunzichi ndinatumizira mayi aakulu a ku Mbenje pafoni, ndiye akufunsa kuti mayi woyerayu ndi ndani. Kapena chinafwifwa ndi dzuwa? Munditsukireko china chachikulu choti tikaike pamwambo."

A Lazaro anadziwa kuti chithunzicho sichinafwifwe. Zithunzi zawo sizinkafwifwa.

"Mapepala anga ndi akalekale, mwanawe," anatero akuyang'ana pansi. "Ukangokulitsa chomwechi ku Blantyre."

"Negativi ilipo kapena palibe?"

Negativi inalipo, m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Dorika sanafune kudikira panja. Analowa nawo m'chipinda chamdimacho dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, thukuta lili kamukamu. Bambo ake akusungunula mankhwala, iye anatenga envulopu n'kuiyandikiza ku babu lofiira.

"Apa mwalemba kuti, 'Nkhope, tchinga 5.' Ndiye kuti chiyani?"

A Lazaro anatakasa mankhwala nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Kenako anatola kawaya kokhala ndi kakatoni kozungulira kunsonga kwake.

"Kuwala kukamagwera papepala, pamene pakugwera kwambiri ndi pamene pamada. Ukatchinga pankhope ndi kameneka masekondi asanu, nkhope imatuluka yoyererako."

"Mayi ndi amene anapempha?"

"Ayi."

Ena ankapempha ndithu. Atsikana otumiza zithunzi kwa zibwenzi zawo ku Joni ankanong'ona kuti, "Mundiwalitseko pang'ono," ndipo mbiri ya a Lazaro inafika mpaka ku Nchalo kuti dzanja lawo limakongoletsa. Koma Faness sananenepo mawu otere. Anali mkazi wakuda kwambiri, wakhungu losalala, ndipo pamene ankamukwatira, anzawo a pabawo ankawaseka a Lazaro kuti atola khala la moto wozima. Iwo ankaseka nawo. Tsiku lomwe anamujambula, ali okha m'chipinda chino potsuka chithunzicho, anatenga kawayako popanda wowatuma.

"Atachiwona anandifunsa kuti, 'Kodi ndine ameneyu?'" anatero a Lazaro. "Ine ndinati ndi mmene pepala limatulutsira. Anangoti chabwino, n'kuchipachika. Kuyambira pamenepo ndikati ndimujambule, ankati ali ndi ntchito kumunda."

Dorika anangowapatsira envulopu ija. A Lazaro akanakonda akanawakalipira.

Anaika negativi pa kamakina kaja, nayeza patsaya, pa duku loyera, ndi pamthunzi wa pakhosi. Anabwereza kawiri. Negativiyo inali yabwino, yosasowa chithandizo chilichonse, ndipo zimenezi zinawapweteka kwambiri, chifukwa sakanatha kunamizira kamera kapena kuwala kwa tsikulo. Anang'amba kachidutswa ka pepala n'kuyesera masekondi osiyanasiyana, nasankha khumi ndi awiri. Kenako anayala pepala lathunthu, nayatsa kuwala kodutsa pa negativiyo, manja atawabisa kumbuyo.

M'mbale ya mankhwala munayamba kuwoneka duku, kenako maso, kenako nkhope yonse inabwera pang'onopang'ono mpaka kuda kwake kwenikweni. Pafupi ndi khutu panaoneka mphini zitatu zomwe pachithunzi chakale zinkangokhala ngati litsiro.

"Mayi ndi amenewa," anatero Dorika chapansipansi, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Chithunzi chitauma, a Lazaro anachitulutsa pakhonde n'kugundika kakhadi kawo patsaya, mwachizolowezi chabe. Chatsopanocho chinagwera pa gawo lachisanu ndi chiwiri. Chakale chija, lachinayi.

"M'chitinimo muli maenvulopu angati olembedwa choncho?" anafunsa Dorika.

"Ambiri. Ena anapempha, ena sanapemphe."

Pa tsiku la chiliza chithunzicho anachiika pampando kutsogolo kwa anthu. Mayi aakulu a ku Mbenje aja, mchemwali wa malemu, anachigwira ndi manja awiri n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, alamu," kenako anauza onse okhala pafupi kuti mlamu wawo akadali katswiri. A Lazaro anafuna kuwauza zoona pomwepo. M'malo mwake anakakhala kumbuyo, pansi pa mtengo wa nimu, ndipo chakudya sanachikhudze.

Sabata yotsatira anakhuthula chitini chija pamphasa n'kupatula maenvulopu a anthu omwe sanapemphe. Mapepala anatsala makumi atatu okha, choncho anayamba ndi amene akadali moyo. Woyamba anali mayi Anna, ogulitsa nsomba zouma pamsika. Anawatsukira chithunzi cha ukwati wawo, napita nacho okha, nafotokoza zomwe anachita zaka zapitazo, chipewa chili m'manja.

Mayi Anna anachiyang'ana nthawi yaitali, akuingitsa ntchentche ndi dzanja linalo.

"Ndiye munaona kuti ndikufunika kukonzedwa?" anafunsa.

"Ndinalakwa, mayi."

"Chakale chija sindichotsa pakhoma, amuna anga anamwalira akuchikonda." Anakulunga chatsopanocho m'nyuzipepala n'kuchilowetsa pansi pa dengu. "Ichi ndikawonetsa adzukulu. Tapatukani pamenepo, mukutchinga makasitomala."

A Lazaro anavala chipewa n'kulowera kumunsi kwa msika, kukafunsa komwe anasamukira a Petro Fumbani, eni envulopu yotsatira.