Mendulo m'mimba mwa mwana wanga

Mwana wanga woyamba anameza mendulo ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Inali ya Amayi Maria, yaing'ono ngati chikhadabo, imene ndinam'mangirira m'khosi tsiku la ubatizo. Ndinkakumba kachewere kudimba, iye atakhala pansalu. Pocheuka ndinaona akuyamwa ulusi, ulusi wokhawokha. Ndinam'pisa chala m'kamwa, ndinam'zondotsa, ndinam'menya pamsana, iye kumangolira. Ndinapalasa dothi lonse pamene anakhalapo. Palibe.

Ndinam'bereka n'kuthamangira kuchipatala cha mishoni. Pamsewu anyamata a chipani anandiimitsa kuti ndionetse khadi. Linali pamfundo ya nsalu, koma mfundoyo inalimba moti ndinamasula ndi mano.

Anamwino anamumvetsera pachifuwa, n'kum'patsa madzi, iye n'kumwa bwinobwino.

"Sanatsamwidwe, mayi. Yatsika."

Anatenga pepala n'kundijambulira njira: kummero, kathumba kotchedwa chifu, kenako matumbo opindikapindika ngati a mbuzi tikamawatsuka. Anati chifu chimakanya chakudya ndi madzi ake owawasa mpaka chisanduke phala, matumbo n'kumayamwa zabwino kupititsa m'magazi, zotsala n'kumakankhidwa pang'onopang'ono kupita kunja.

"Chitsulo sichigayika, chitsagana ndi zotsalazo. Musam'mwetse zosanzitsa kapena zotsegula m'mimba. Azidya monga mwa masiku onse, inu muzitosa chimbudzi chake chilichonse. Akayamba kusanza, mimba kutupa, kapena masiku n'kupita osaiona, mubwere naye tim'tumize kuboma."

Kuboma ine ndinamva kuti kumpeni. Kamimba kaja, mpeni!

Kunyumba amayi anga anangoseka. "Iwe, mwana wameza Amayi Maria, ukuopanso chiyani? Am'sunga m'katimo. Sukulu yako ija inali yotosa manyi?"

Ndinasema kamtengo kanga. Masiku awiri mwana sanachoke m'maso mwanga. Ndikam'dyetsa phala ndinkalitsatira mumtima: pano lili pammero, pano lafika m'kathumba, pano likukankha mendulo. Ndinkaika khutu pamimba pake, ikalira mtima wanga phaa, mwina yakodwa pokhota. Akagona nthawi yaitali, mantha. Akalira, mantha. Akabiba ndinkathamanga ndi kamtengo, kutosa, kutosanso, osapeza kanthu.

Tsiku lachitatu m'mawa madzi anatha m'nyumba. Ndinawasiyira amayi mwanayo, n'kuwapempha kawiri konse kuti akabiba asakhudze. Kwathu mwana akabiba pabwalo sitivutika, timangoitana galu. Ndikubwera ndi ndowa pamutu ndinamva mawu awo kuseri kwa nkhokwe akuitana galu wathu. Ndowa ndinaiponya. Pofika, pansi panali mbee, galu akudzinyambita.

"Amayi! Mwatani?"

Anagwira pakamwa. "Mayo ine, pakamwa pazolowera, mwana wanga. Ndaiwala."

Ndinakhala pansi n'kulira. Tsopano ndikanadziwa bwanji? Mwina mendulo yatuluka, mwina ikadali m'mwana, ndipo ndikapanda kuiona am'ng'amba kufuna chinthu chimene chinapita ndi galu.

Amayi anatenga luzi, galu uja n'kum'mangirira kumtengo wa mapichesi, n'kusema kamtengo kawo. "Iwe yang'ana wako, uyu ngwanga," anatero. Anthu odutsa ankafunsa ngati galu wadya mazira, amayi n'kumayankha kuti akudwala. Anam'patsa mikute yonse ya m'nyumba kuti njira yake ifulumire.

Tsiku lonse tinakhala choncho, ine maso pamwana, iwo maso pagalu. Wanga anabiba madzulo, ndinatosa, palibe. Ndinayamba kukonza nsalu zopitira kuboma.

Mawa lake dzuwa litakwera ndinamva akukuwa kumapichesi: "Iwe! Thamanga!" Pansonga ya kamtengo kawo panali kanthu kakuda bii. Anakatsuka ndi phulusa mpaka nkhope ya Amayi Maria inaoneka.

Ndinam'kumbatira mwana, ndikusisita kamimba kake kosalala kopanda bala, iye akulimbana nane kuti atsike.

Amayi anayamba kupota ulusi wina woti am'mangirenso. Ndinawalanda mendulo ija n'kukaipachika pamsomali pamwamba pa chitseko, pamene ngakhale ine ndinkafikapo chonyanyamphira.